Kamlamba Kamene Kanakhululukidwa

Mu ufumu wa Zilibwino, mfumu ikapita kunja anthu sankadandaula kuti yapita. Nkhawa yawo inkakhala pa chimene ibwere nacho. Ulendo wina Mfumu Sindilakwa anabwerako ndi nzeru yoti mbuzi zonse zizivala mabelu, ndipo mpaka lero akuba mbuzi a m'dzikomo amayenda ndi thonje lotsekera mabeluwo m'thumba. Ulendo uno anabwerako ndi thanki yagalasi, yaitali ngati bokosi la maliro, ndi kachilombo kena kam'madzi kamene mfumu inzawo inawapatsa potsanzikana.

Kunena kuti inali nkhanu, inalidi nkhanu, koma yaitali thupi, ya mchira wopindika, ndevu zazitali ndi manja awiri opana ngati pulayazi. Anthu anangoitcha nkhanu yamchira. Thankiyo anaiika pabalaza pa nyumba ya mfumu, naikamo mchenga, timiyala, zomera zam'madzi ndi pampu yopopera mpweya. Magetsi akazima mzinda wonse, chipatala chomwe, jenereta ya thankiyo inkalira yokha.

Mfumu inaitanitsa bwalo, niimirira pambali pa galasilo.

"Anthu anga," anatero a Sindilakwa, "kunja ndaona chinthu. Zolengedwa zosiyana mitundu zikukhala m'madzi amodzi, popanda wodandaula. Mwamvapo nsomba ikudandaula inu? Ndiye boma lililonse la ufumu uno litumize nsomba imodzi, ikhale m'menemu. Nkhanu iyi ndaipatsa udindo, kuyambira lero ndi a Mtetezi wa Nsomba. Boma limene nsomba yake idzakhale ili moyo pa Tsiku la Umodzi lidzalandira chitukuko chimene likufuna. Limene nsomba yake idzasowe, tidzadziwa kuti umodzi silikuufuna."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Amene anaomba kwambiri, a Mavomera, anawasankha pomwepo kukhala Nduna ya Thanki, ndipo anawapatsa galimoto.

Maboma anatumiza nsomba zawo. A kunyanja anatumiza chambo chaching'ono chonyezimira. A kumitsinje anatumiza ntchila. Boma la Kwathu, kumene kunabadwira mfumu, linatumiza mbuna yamawangamawanga imene inabwera pa ambulansi. Boma la Kwaiwalika, kumapeto kwenikweni kwa dziko, linalibe nyanja kapena dziwe lodziwika. Linatumiza chimene linali nacho, kamlamba kam'dambo kotalika ngati chala, ndipo anakabweretsa m'chigubu ndi mayi Elube Nangozo, amene ankaimira bomalo m'bwalo la mfumu.

Anthu a ku Kwaiwalika ankafuna chinthu chimodzi basi, mlatho pa mtsinje wa Chikokolola. Chipatala chinali tsidya lina la mtsinjewo, sukulu ndi msika chimodzimodzi. M'chilimwe munthu ankawoloka osavula nsapato, koma mvula ikangoyamba Chikokolola sankadziwa mfumu kapena m'busa. Mayi Nangozo nkhani ya mlathoyi sankainenera anthu ena okha ayi. Mwana wawo wamkazi, Velonika, anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo masiku ake ankagwera pakati penipeni pa dzinja. Ngakhale mlatho wamatabwa, mayiwo akanaulandira atagwada.

Sabata yoyamba a Mtetezi anazula zomera zonse m'thankimo, a Mavomera nkulengeza kuti akulambula malo a chitukuko. Sabata yachiwiri ntchila inasowa. Kunangotsala kamutu pamchenga.

Bwalo linakhala pansi tsiku lathunthu. Nduna ina inati ntchilayo inali ya maganizo otsutsa kuyambira kale, inkasambira mobwerera m'mbuyo. Ina inati yathawira kudziko loyandikana nalo, ndipo kamutuko inasiya dala pofuna kuipitsa mbiri ya boma. Munthu amene anayang'ana kwa a Mtetezi, omwe anali phee pakona akutsuka ndevu, panalibe. Boma la ntchilalo analichotsa pa chitukuko cha chaka chimenecho. Ndinene zoona, nawonso mayi Nangozo anaomba m'manja tsiku limenelo, ndipo mumtima anati opikisana nawo achepa. Za chaona mnzako chapita ankazidziwa bwino lomwe, koma miyambi imakoma ikamanenedwa kwa ena.

Ku msika wa Tingoona nkhani inafika dzuwa lisanapendeke.

"Akuti ntchila yathawa," anatero a Chikuse, okhoma zidebe, akumenya lata.

"Yathawa kusiya mutu?" anafunsa Nachisale, mayi wogulitsa usipa wouma, amene anali mnzawo wa mayi Nangozo kuyambira ali atsikana. "Ndiye yachenjera. Muno mutu ndi umene umapalamulitsa."

"Ine ndikungodabwa a Mtetezi," anatero a Chikuse. "Malipiro salandira, koma akunenepa."

"Khomani chidebe, achimwene. Zonenepa za akuluakulu sawerengera."

Chambo chitasowa nachonso, mayi Nangozo tulo tinawathera. Anapita kukaona kamlamba kawo, nakapeza katadulidwa ndevu imodzi, mchira uli wong'ambika. Mlamba ndi nsomba ya pansi. Zinzake zikamayandama m'mwamba, iwo umagona pamchenga, pomwe a Mtetezi ankayenda poyendera ntchito yawo. Mayiwo anaganiza mofulumira. Tsiku lotsatira anafika m'bwalo atanyamula kamphika kosweka mbali imodzi.

"Ichi n'chiyani, mayi?" anafunsa a Mavomera.

"Ndimati tiike m'thankimo, bwana, pakhale pobisalira."

"Pobisalira? Kubisalira ndani? Mukutanthauza kuti m'thanki ya mfumu muli choopsa?"

Bwalo lonse linatembenuka. Mayi Nangozo anayankha mofulumira.

"Ndalankhula molakwika, bwana, sukulu yanga ndi yochepa. Ndimati nyumba ya a Mtetezi. Munthu waudindo ngati iwowo kumagona panja, alendo akaona ati chiyani?"

Mfumu inasangalala kwambiri, niuza a Mavomera kuti akanayenera kuganiza zimenezi okha. Kamphika kanalowa m'madzi. Mayiwo ankayembekeza kuti kamlamba kathamangiramo msanga. Koma a Mtetezi, monga mwa mwambo wa anthu audindo, analowa m'nyumbamo tsiku lomwelo osatulukanso mpaka nthawi ya chakudya. Kamlamba kanadzipezera kampata kopanikiza pakati pa galasi ndi paipi ya pampu, nkumakhala m'menemo tsonga, mutu m'mwamba. Kuonda kwake ndi kumene kunakapulumutsa, chifukwa dzanja la a Mtetezi silinkalowa pamenepo.

Miyezi inapita, nsomba zikutha imodziimodzi, maboma akugwa nazo. Potsiriza m'thankimo munatsala mbuna ya ku Kwathu, kamlamba ka ku Kwaiwalika ndi a Mtetezi. Tsiku la Umodzi linali litayandikira, mitambo nayo itayamba kusonkhana. Mayi Nangozo anatumiza uthenga kumudzi woti Velonika asade nkhawa, matabwa a mlatho ali m'njira.

Ndiye m'mawa wina kunamveka mfuu kunyumba ya mfumu. A Mavomera anapeza a Mtetezi ali chagada pamchenga, manja ali tambalale, osagwedezeka. Anawavuula ndi supuni yasiliva. Dokotala wa mfumu anabwera ndi zipangizo zake zonse, nawatembenuza, nasuzumira pamsana pamene panali pong'ambika, kenako anavula magalasi.

"Mfumu yanga," anatero dokotalayo, "mkatimu mulibe kanthu. Adyedwa. Chatsala ndi chigoba chokha."

Mfumu inalira poyera, nduna nazo zinalira poonetsetsa kuti mfumu ikuziona. Ku Zilibwino imfa ya wamkulu siichitika yokha, pamakhala amene waichititsa. Oganiziridwa anali awiri. Mbuna inali ya kwawo kwa mfumu, choncho inalibe mlandu. Kunatsala kamlamba, kamene kukamwa kwake ngakhale mwana akanaona kuti n'kwakukulu.

Apolisi anabwera ndi sefa ya tiyi. Anakavuula m'kampata kake, nakaponya m'chidebe, nakatengera kuchitokosi cha bwalo la milandu, wapolisi wamfuti atayima pakhomo. Mayi Nangozo analamulidwa kuti agwade kutsogolo kwa thanki, apepese m'malo mwa boma lawo lonse.

Anagwada misozi ili chuchuchu, akuona mlatho wawo ukukokoloka usanamangidwe n'komwe. Koma kugwada kuli ndi ubwino wake. Munthu wogwada amaona zimene oimirira saona. Maso awo anali moyang'anizana ndi khomo la kamphika kaja, ndipo mkati mwa mdimamo anaona ndevu ziwiri zazitali zikugwedezeka pang'onopang'ono.

Mayiwo anakulira m'mbali mwa mtsinje. Anali ataonapo nkhanu zikufundula, kusiya chigoba chakale chili chathunthu, zokha nkukabisala pansi pa mwala thupi lili lofewa ngati phala, kudikira kuti chatsopano chilimbe. Anayang'ana nduna zimene zinali kulira, anayang'ananso ndevu zija. Kenako anaweramitsa mutu, nalira mokweza kuposa onse.

Madzulo ake anapita ku Tingoona, nakhala pa thumba la usipa kuseri kwa benchi ya Nachisale.

"Asisi, mwalira mpaka maso kutupa," anatero Nachisale. "Pepani ndi kansomba kanu."

"Musandipepese. Chinthu chija chili moyo, chili m'kamphika. Changovula malaya."

Nachisale anagwira pakamwa. "Ndiye bwanji osanena? Kamlamba kanu kamasulidwe!"

"Kamasulidwe kapite kuti? Kabwerere m'thanki? Tamverani, asisi. Lamulo likuti nsomba ikhale ili moyo pa Tsiku la Umodzi. Silikunena kuti ikhale kuti. Panopa kali m'chidebe kokha, wapolisi akukalondera, madeya akukapatsa m'mawa ndi madzulo monga mkaidi wa boma. Chibwerereni mumzinda muno sikanagonepo tulo ngati ta lero."

"Nanga mlanduwo? Akakapeza kolakwa si akakazinga?"

"Mlandu uli m'manja mwa a Mawamawa."

Nachisale anaseka mpaka kugwetsa mulu wa usipa. Woweruza ameneyu, a Mawamawa, anali asanamalizepo mlandu chilowereni ntchito. Panali mkangano wa nkhuku umene ankauzengabe, eni ake onse atamwalira, adzukulu ndi amene ankabwera kudzamva tsiku lina loti abwerenso.

"Mlandu suola," anatero Nachisale akupukuta misozi, "koma kwa a Mawamawa umachita kufutsidwa."

Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ufumuwo, munthu anapemphera kuti chilungamo chichedwe, ndipo pemphero lake linkayankhidwa. Tsiku loyamba la mlandu woweruza anali kumaliro. Tsiku lachiwiri womasulira chinenero cha nsomba sanapezeke. Mayi Nangozo ankapita kuchitokosi tsiku ndi tsiku atanyamula chiswe ndi nyongolotsi m'kachitini, nkumaona kamlamba kawo kakudzaza thupi. Ndevu yodulidwa ija inayamba kumera. Mimba inatuluka. Wapolisi wolondera uja, amene malipiro ake anali asanabwere, ankakayang'ana mosirira, koma mayiwo ankamubweretsera chinangwa chophika kuti mtima wake ukhale m'malo.

Maliro a a Mtetezi anali aakulu kuposa a amayi a mfumu. Chigoba chija anachiika m'bokosi lamatabwa a mlombwa, mbendera pamwamba. Masukulu anatsekedwa. Asilikali anawomba mfuti m'mwamba mpaka akhwangwala onse kusamuka mumzindamo. A Mavomera analankhula kwa nthawi yaitali za kudzichepetsa kwa malemu, amene pa moyo wawo wonse sanapemphepo kanthu kwa munthu. Ku Tingoona a Chikuse anati zimenezo n'zoona, malemuwo sankapempha, ankangotenga.

Maliro atangotha, mbuna ya ku Kwathu inasowa.

Apa ndiye bwalo linasokonezeka. Wakupha anali m'chitokosi, Mtetezi anali kumanda, nanga mbuna yadyedwa ndi yani? Nduna zinayamba kuyang'anana m'mimba. Zili mkati mokangana, mfumu ili pampando wake ikumwa tiyi, kamphika kaja kanagwedezeka. Kunatuluka dzanja limodzi, kenako linzake, kenako a Mtetezi athunthu, onyezimira, aakulu kuposa kale, atapana chipsepse cha mbuna ngati munthu wonyamula chikwama popita kuntchito.

Kapu ya mfumu inagwa. Aliyense ankadziwa kuti mfumu inalengeza yokha za imfayo pa wailesi, ndipo dzina lake silinali la chabe. Amene anapulumutsa dziko anali a Mavomera. Anadzigwetsa pansi nafuula kuti, "Auka! Anafadi monga inanenera mfumu, koma chikondi chawo pa nsomba chawabweza!"

Ng'oma zinalira. Manda aja anawasandutsa malo okaonako alendo. Za mbuna anagwirizana kuti inadzipereka yokha polandira bwana wake, ndipo boma la Kwathu linalandira msewu wa phula pothokoza. Mfumu mtima wake unasefukira, ndipo mfumu ya Zilibwino mtima ukasefukira anthu anzeru amatseka zitseko.

"Pa tsiku lachimwemwe ngati ili," anatero a Sindilakwa, "sindingasunge mkwiyo. Kamlamba ka ku Kwaiwalika ndakakhululukira. Katulutsidwe m'ndende lero lomwe, kabwerere m'thanki, kakhale ndi Mtetezi wake mwamtendere."

Tsiku la Umodzi linali sabata yamawa. Mayi Nangozo anagwada pansi. Anakwawa mpaka kumapazi a mfumu.

"Mfumu yanga, musatero! Kansomba kameneka n'koipa mtima. Kanaphadi, ine ndinakaona ndi maso angawa. Ku Kwaiwalika konse timakadziwa, ngakhale amake anali otero. Kasiyeni m'ndende, mfumu yanga, kaphunzire mwambo. Ngakhale sabata imodzi yokha, chonde!"

Mfumu inatembenukira kwa nduna zake maso ali ndi misozi.

"Mwamva? Mayi uyu akuneneza nsomba ya kwawo chifukwa chokonda chilungamo. Anthu otere ndi ochepa. Chifukwa cha kukhulupirika kwanuku, mayi, chikhululukiro changa ndachiwirikiza. Ndipo ulemu wokabwezera m'madzi ndaupereka kwa inu nomwe."

Anabweretsa chidebe, gulu la apolisi oimba malipenga lili pambuyo. Mayi Nangozo anachinyamula. Anayang'ana khomo, koma pakhomopo panali asilikali. Anayang'ana kamlamba, kali phee, konenepa, kosalala, kosadziwa kanthu. Anapendeketsa chidebecho pang'onopang'ono, anthu akuomba m'manja.

Kamlamba katangogwera m'madzi kanakumbukira malowo. Kanathamangira kukampata kake ka pakati pa galasi ndi paipi, nkulowetsa mutu. Mutu unalowa. Mimba inakana. Chakudya cha m'ndende chija, chiswe ndi nyongolotsi zimene mayiwo ankasaka ndi manja awo, zinali zitagwira ntchito. Kanayesanso, mchira ukupalasa madzi pabwalo, ndipo kumbuyo kwake a Mtetezi, amene kufundula kunawasiyira njala ya chaka, anayamba kuyenda mosafulumira.

"Taonani," ananong'ona a Mavomera, "akupita kukakalandira."

Mayi Nangozo sanadikire kuti aone kulandirako. Anatuluka chidebe chili m'manja, ndipo palibe anawaletsa.

Pa Tsiku la Umodzi mfumu inalengeza kuti mwa onse amene analowa m'thanki, wokhulupirika mpaka mapeto anali mmodzi yekha. Choncho chitukuko cha chaka chimenecho chinapita kwa a Mtetezi, anawagulira thanki yokulirapo. Za Kwaiwalika wailesi inati n'zomvetsa chisoni kuti boma limene linachitiridwa chifundo chotere linasankhabe kuchoka mu umodzi.

"Kale ankati chifundo chinapha nkhwali," anatero a Chikuse ku msika. "Koma nkhwaliyo ndi imene inachita chifundocho."

"Muno zimayenda chobwerera," anayankha Nachisale. "Akakuchitira chifundo, uyambe kutsanzika abale." Sanaseke ponena zimenezi. Anamangira mnzawo usipa m'kapepala, namuperekeza kokwerera basi.

Mvula inabwera msanga chaka chimenecho. Velonika matenda anamuyamba m'mawa, masiku ake asanakwane, Chikokolola atadzaza mpaka m'minda. Amuna anamunyamula pa chitseko mpaka pagombe, naima pamenepo, chifukwa madzi ankadutsa ndi mitengo yathunthu. Denga la chipatala linkaoneka bwinobwino tsidya linalo. Amayi anamuzungulira ndi zitenje pansi pa mtengo wa mkuyu, mvula ikuwakhuthukira, ndipo mayi Nangozo anagwada m'matope nagwira ntchito imene sanaiphunzirepo, akuitana mayina a makolo awo onse. Anachita mantha kuposa tsiku lina lililonse la moyo wawo. Dzuwa litapendeka kunamveka kulira kwa khanda, kofooka koma kosaleka. Velonika anali ataguga, milomo ili mbuu, koma ankapuma.

Mayiwo akukulunga mdzukulu wawo m'mpango wa kumutu, wina anawakodola kuti ayang'ane kutsidya. Kunali galimoto ya boma. Pambali pake panaima a Mavomera, wantchito atawagwirira ambulera, iwo atanyamula chigubu chatsopano. Anakweza manja kukamwa nafuula, mawu awo akudukaduka ndi mkokomo wa madzi.

"Mayi Nangozo! Uthenga wabwino! Mfumu yakupatsaninso mwayi! Thanki yatsopano yafika! Akuti mutumize nsomba ina ya chaka chamawa!"

Mayi Nangozo anapereka khandalo kwa mayi wina. Anaimirira, matope ali mpaka m'mawondo, magazi ali m'manja, nayenda mpaka pamene madzi ankafika.

"Ilipo, bwana!" anafuula. "Yaikulu, yonona! Wolokani mudzatenge!"